Za Kuyesa Chaka cha Munthu Mmodzi mu Timu ya Liverpool

Pali mtsutso umodzi umene sukutha pakati pa anthu okonda mpira wamiyendo. Mukapeza anyamata atakhala pakhonde madzulo, atatha kumvera wailesi, mudzamva wina ali kunena kuti palibe munthu anasewerapo chaka chabwino chonga cha Salah, ndipo mnzake amuyankha kuti, "Iwe sunamuone Suárez." Akulu amene akumbukira masiku a Ian Rush angopukusa mutu osanena kanthu. Mtsutso umenewu tifuna kuulowa mwezi uno. Tidzayang'ana timu imodzi yokha, ndiyo ya Liverpool ya ku Mangalande, ndipo tidzafunsa kuti m'mbiri yake yonse, ndi chaka chiti chimene munthu mmodzi anachita zazikulu koposa anzake onse. Tidzatchula maina asanu, koma tisanatero tiyenera kuyamba tagwirizana za muyeso; pakuti anthu awiri oyesa ndi miyeso yosiyana angathe kukangana mpaka tambala atalira osamvana.

Liverpool ndi mzinda wapadooko, pamene mtsinje wa Mersey uthira m'nyanja. Timu imene tikunenayi inayamba mu 1892. Bwalo lake litchedwa Anfield, ndipo osewera ake avala malaya ofiira. Pofika chaka cha 2025 inali itatenga ukatswiri wa ligi ya dziko lawo maulendo 20, ndi chikho chachikulu cha ku Ulaya maulendo 6. Kumeneko mpira uyamba mu Ogasiti nutha mu Meyi chaka chotsatira, monga momwe ulimi wathu uyambira m'chaka china nuthera m'china. Chifukwa chake tikanena chaka cha mpira tidzalemba zaka ziwiri pamodzi, monga 1983-84.

Muyeso wa zigoli ndi zilema zake

Ambiri amene alemba mindandanda yotere ayamba ndi kuwerenga zigoli, natsirizanso ndi kuwerenga zigoli. Sitiwadzudzula kwambiri, pakuti chigoli ndicho chinthu chooneka ndi maso a aliyense, ndipo chiwerengero sichifuna womasulira. Koma muyeso umenewu uli ndi zilema zitatu.

Chilema choyamba ndi ichi, kuti iwo amene aukonda sautsata kufikira kumapeto kwake. Tikafunsa kuti ndani anamwetsa zigoli zambiri za m'ligi m'chaka chimodzi atavala malaya ofiirawo, yankho lake si Salah, si Suárez, koma Roger Hunt, amene mu 1961-62 anamwetsa 41. Nanga bwanji dzina lake silimveka pakhonde paja? Adzatiyankha kuti chaka chimenecho timu inali m'ligi yachiwiri, m'mene inagweramo mu 1954, ndi kuti opikisana nawo anali ofooka. Inde, ndi zoona. Koma poyankha chotero avomereza okha kuti chiwerengero pachokha sichikwanira, ndi kuti tiyenera kufunsanso: zigolizo anamwetsa yani, anazimwetsa liti, ndipo zinabala chiyani?

Chilema chachiwiri ndi kusiyana kwa nthawi. Kale matimu a m'ligi anali kawirikawiri 22, ndipo iliyonse inkasewera masewero 42. Kuyambira 1995 matimu anakhala 20, masewero 38. Chisanafike chaka cha 1981 wopambana ankalandira mapointi 2, ndipo pambuyo pake 3. Chisanafike chaka cha 1992 goloboyi ankaloledwa kugwira ndi manja mpira umene mnzake wamubwezera ndi phazi. Mabwalo akale ankasanduka matope m'nyengo yozizira, pamene a masiku ano asalala ngati mphasa. Munthu amene ayerekeza zokolola za alimi awiri, za wina atayesa ndi dengu, za wina atayesa ndi lichero, nati onse apeza makumi awiri, sanatiuze kanthu.

Chilema chachitatu ndicho chachikulu. M'bwalo mulowa anthu 11, ndipo ntchito ya ena mwa iwo ndiyo kuti chinthu china chisachitike. Mlonda amene wachezera usiku wonse kuti nguluwe zisalowe m'munda alibe chosonyeza m'mawa, koma munda wosaonongeka basi. Chotero ali wotchinga kumbuyo ndi goloboyi. Mndandanda woyesa ndi zigoli zokha uwatsekera kunja anthu amenewa mlandu usanayambe n'komwe.

Mafunso atatu

Tsono ife tidzayesa chaka chilichonse ndi mafunso atatu. Loyamba: kodi munthuyo anagwira ntchito yaikulu motani, poyang'ana ntchito ya pamalo pake ndi malamulo a nthawi yake? Lachiwiri: kodi ntchitoyo inalowetsa chiyani m'nkhokwe? Pakuti timu isewera kuti itenge chikho, ndipo chimanga chobiriwira m'munda sichinakhale nsima. Lachitatu: kodi anasenza katundu wotani, ndipo ngati zinthu zinalakwika, zinalakwika ndi dzanja lake kapena ndi tsoka?

Funso lachitatuli tiliika dala, kuti litchinjirize lachiwiri. Tidziwa kuti mutu umodzi susenza denga, ndi kuti munthu angathe kusewera bwino koposa, chikho n'kumuphonya chifukwa cha kulakwa kwa mnzake. Mlimi amene mbewu zake zaphwanyidwa ndi matalala sitimutcha waulesi. Koma mlimi amene anasiya munda m'mwezi wopalira chifukwa cha mlandu umene anapalamula yekha, ameneyo sanganene kuti ndi tsoka. Tionjezanso lamulo limodzi laling'ono, kuti munthu mmodzi alowe m'mndandanda ndi chaka chimodzi chokha.

Zaka zitatu zimene tazisiya kunja

Tiyambe ndi Luis Suárez wa ku Uruguay, m'chaka cha 2013-14, pakuti tidziwa kuti apa ndi pamene ambiri adzatikwiyira. Tivomereza poyera kuti pa luso lokha, ochepa anafikapo pamene iye anafika. Anamwetsa zigoli 31 m'masewero 33 a ligi, ndipo panalibe cha penate ngakhale chimodzi. Mu Disembala 2013 anamwetsa Norwich zigoli zinayi tsiku limodzi. Timu imene inali isanatenge ligi chiyambire 1990 inafika pakhomo penipeni. Koma inatsiriza yachiwiri ndi mapointi 84, pamene Manchester City inali ndi 86. Anthu akumbukira kuterereka kwa Steven Gerrard posewera ndi Chelsea, ndi tsiku lija analola Crystal Palace kubweza zigoli zitatu. Koma aiwala chiyambi cha chakacho. Suárez sanasewere masewero 5 oyamba a ligi, chifukwa anali pachilango cha masewero 10 ataluma Branislav Ivanović wa Chelsea pamkono mu Epulo 2013. M'masewero asanuwo timu inafanana mphamvu ndi Swansea, nigonja kwa Southampton pakwawo; ndiko kuti inataya mapointi 5. Sitinena kuti iye akadakhalapo akadapambana ndithu. Tinena kuti pamene kusiyana kunali mapointi 2, munthu wawo woposa onse anali atakhala kunja chifukwa cha mano ake. Si matalala amenewo.

Wachiwiri ndi Gerrard mwini, m'chaka cha 2004-05. Palibe wokonda timuyi amene angaiwale usiku wa pa 25 Meyi 2005 ku Istanbul, pamene AC Milan inatsogola ndi zigoli 3 pofika nthawi yopuma, ndipo Gerrard anamwetsa choyamba ndi mutu, nadzutsa anzake, mpaka anabweza zonse zitatu natenga chikho pa mapenate. Ndiyenso anapulumutsa timu mu Disembala 2004 ndi chigoli cha kumapeto posewera ndi Olympiacos. Koma funso lathu ndi la chaka, si la usiku. M'ligi chaka chomwecho anagonja masewero 14, natsiriza pamalo achisanu, mapointi 37 kumbuyo kwa Chelsea. Tikadakhala tikuyesa moyo wonse wa wosewera, Gerrard akadakhala pamwamba pamodzi ndi ochepa. Koma ukulu wake unamwazika m'zaka zambiri, sunaunjikane m'chaka chimodzi.

Wachitatu ndi Mohamed Salah wa ku Egypt, m'chaka cha 2017-18, chaka chake choyamba atachokera ku Roma. Anamwetsa zigoli 44 m'masewero 52, ndipo 32 mwa izo zinali za m'ligi. Anafikitsa timu mu ndime yotsiriza ya chikho cha ku Ulaya ku Kyiv, kumene anavulala phewa atagwa pamodzi ndi Sergio Ramos wa Real Madrid, natuluka akulira chigawo choyamba chisanathe. Ndipo anzake anagonja 3-1. Awa ndiwo matalala enieni, ndipo sitimuwerengera mlandu. Chaka chimenechi tachisiya pa chifukwa china, chakuti Salah ali ndi chaka china chimene ife tichiona choposa, monga tidzasonyeza.

Wachisanu: Ray Clemence, 1978-79

Pamalo achisanu tiika goloboyi. M'chaka chimenechi, timu ili m'manja mwa mphunzitsi a Bob Paisley, Clemence anasewera masewero onse 42 a ligi, nalola zigoli 16 zokha. M'masewero 28 mpira sunalowe konse m'golo lake, ndipo pa Anfield chaka chonse zinalowa zigoli zinayi. Timu inatenga ligi ndi mapointi 68 pa nthawi imene wopambana ankalandira awiri. Amene adziwa mbiri adzati Chelsea inalola 15 mu 2004-05. Koma iwo anasewera masewero 38, ndipo mukagawa bwino mudzapeza kuti Clemence akali patsogolo pang'ono.

Taonani tsono chimene chinachitika pogawa ulemu. Olemba nkhani za mpira anasankha Kenny Dalglish, amene anamwetsa zigoli 21 za m'ligi, kukhala wosewera wa chaka. Sitimuchitira nsanje Dalglish, pakuti anali katswiri ndithu; koma apa ndi pamene tionera chilema chija chachitatu. Chifukwa chimene sitimukweza Clemence kuposa apa n'chakuti ntchito yotchinga anagawana ndi anthu olimba amene anali patsogolo pake, monga Phil Neal, Phil Thompson, Alan Hansen ndi Alan Kennedy. Komanso lamulo lakale la kubwezera mpira kwa goloboyi linkamuthandiza. Ndiponso ku Ulaya anatulutsidwa mu ndime yoyamba ndi Nottingham Forest.

Wachinayi: John Barnes, 1987-88

Barnes anabadwira ku Kingston m'dziko la Jamaica, ndipo anabwera kuchokera ku Watford mu 1987 pamtengo wa mapaundi 900,000, nthawi imene Rush anali atapita ku Juventus. Anthu ankati timu idzafooka. M'malo mwake inasewera masewero 29 oyamba a ligi osagonja, nigonja kawiri kokha m'masewero 40, nitenga ukatswiri ndi mapointi 90. Barnes ankasewera chakumanzere. Anamwetsa zigoli 15 za m'ligi, ndipo zambiri mwa 26 za John Aldridge zinayambira m'mapazi a iye ndi a Peter Beardsley. Osewera anzake ndi olemba nkhani, onse anamusankha kukhala wosewera wa chaka.

Koma chimene chimukweza ndi funso lachitatu lija, la katundu. Masiku amenewo osewera akuda ankatukwanidwa m'mabwalo a ku Mangalande chifukwa cha khungu lawo, ndipo timuyi inali isanakhalepo ndi katswiri wakuda wosewera mlungu ndi mlungu. Mu Febuluwale 1988, pabwalo la Everton, anamuponyera nthochi pofuna kumunyoza. Iye anangoikankhira kunja ndi chidendene, napitiriza ntchito yake. Ndipo chigoli chimodzi chimene chinapambanitsa timu tsiku limenelo chinachokera ku mpira umene iye anaponya kwa Ray Houghton. Munthu wosenza mwala wotere pamutu, nasewerabe koposa onse, tiyenera kumuwerengera mwalawo. Chimene chimulepheretsa kukwera n'chakuti matimu a ku Mangalande anali oletsedwa kusewera ku Ulaya chifukwa cha ngozi ya ku Heysel ya mu 1985, m'mene munafa anthu 39. Chotero sanayesedwe pa moto waukuluwo. Ndipo mu ndime yotsiriza ya chikho cha FA anagonja 1-0 kwa Wimbledon, timu imene ochepa ankaiyembekeza.

Wachitatu: Mohamed Salah, 2024-25

Apa anyamata adzadabwa, pakuti zigoli za chaka chimenechi zichepa poyerekeza ndi za 2017-18. Koma tiyeni tiwerenge bwino. Salah anasewera masewero onse 38 a ligi, namwetsa zigoli 29, napatsira anzake mipira imene inabala zigoli zina 18. Zonse pamodzi ndi 47, pamene timu yonse inamwetsa 86. Ndiko kuti zigoli zoposa theka zinadzera mwa munthu mmodzi. Anali ndi zaka 32, msinkhu umene liwiro la ambiri likhala litayamba kuchepa. Mphunzitsi a Jürgen Klopp, amene anaumba timuyo, anali atangochoka, ndipo a Arne Slot anali m'chaka chawo choyamba. Pa 27 Epulo 2025 anagonjetsa Tottenham 5-1 natenga ukatswiri wa nambala 20, kutatsala masewero anayi. Anatsiriza ndi mapointi 84, Arsenal ili ndi 74.

Mu 2017-18 tinaona mnyamata waliwiro amene anadzidzimutsa adani osamudziwa, ndipo timu inatsiriza pamalo achinayi, mapointi 25 kumbuyo kwa Manchester City. Mu 2024-25 tinaona munthu amene adani onse anali atamuphunzira zaka zisanu ndi ziwiri, koma anapeza njira ina: akamutsekera khomo, ankatsegulira mnzake. Kumwetsa ndi kupatsa, zonse m'chaka chimodzi, ndipo nkhokwe n'kudzaza, chimenechi ife tichiyesa cholemera koposa. Komabe tiyenera kunena ndi zotsutsa zomwe. Zigoli zingapo mwa 29 zija zinali za penate. Ndipo mu Malichi 2025, m'mlungu umodzi, timu inatulutsidwa ku Ulaya ndi Paris Saint-Germain, nigonjanso 2-1 kwa Newcastle mu ndime yotsiriza ya chikho cha League Cup, iye osaoneka kwenikweni. N'chifukwa chake ali wachitatu.

Wachiwiri: Virgil van Dijk, 2018-19

Munthu wa ku Holland ameneyu anagulidwa kuchokera ku Southampton mu Januwale 2018 pamtengo wa mapaundi 75 miliyoni, ndalama imene inali isanalipidwepo pa wotchinga kumbuyo. Ntchito ya mlonda tiidziwa poyerekeza munda iye asanabwere ndi atabwera. Mu 2015-16 timu inalola zigoli 50 m'ligi. Mu 2016-17 inalola 42. Mu 2018-19, iye atasewera masewero onse 38, inalola 22. Inagonja kamodzi kokha, nipeza mapointi 97, koma Manchester City inapeza 98. Kutaya ligi ndi mapointi otere ndiwo matalala, si ulesi. Ndipo nkhokwe sinakhale yopanda kanthu, pakuti pa 1 Juni 2019 ku Madrid anagonjetsa Tottenham 2-0 natenga chikho cha ku Ulaya chachisanu ndi chimodzi, atabweza ngongole ya zigoli 3 kwa Barcelona powagonjetsa 4-0 pa Anfield.

Tifuna kukufotokozerani kamphindi kamodzi, kuti muone ntchito imene siwerengedwa. Pa 31 Malichi 2019, posewera ndi Tottenham m'ligi, zigoli zili 1-1 chakumapeto, adani awiri anathamangira ku golo, Moussa Sissoko ali ndi mpira, Son Heung-min ali pambali pake, ndipo Van Dijk anatsala yekha. Wotchinga wopupuluma akadalumphira wa mpirayo, mpira n'kupita kwa Son, amene saphonya kawirikawiri. Iye sanatero. Anabwerera pang'onopang'ono atatseka njira ya kwa Son, namusiya Sissoko kuti amenye yekha ndi mwendo wake wamanzere, umene uli wofooka. Ndipo mpira unauluka pamwamba pa golo. Liverpool inapambana 2-1. M'mabuku owerengera mulibe chinalembedwa pa dzina lake pa mphindi imeneyo, chifukwa mpira sanaukhudze n'komwe.

Chaka chimenecho anzake anamusankha kukhala wosewera wa chaka, ndipo pa mphoto ya Ballon d'Or anatsala pang'ono kuposa Lionel Messi. Umboni wina unadza pambuyo pake: atavulala bondo mu Okutobala 2020, ndipo otchinga anzake atavulalanso, timu inalola zigoli 42, nigonja masewero 6 otsatizana pa Anfield. Sitiiwala kuti goloboyi Alisson anafika mu 2018 nathandiza kwambiri. Koma mzati wa nyumbayo anali Van Dijk.

Woyamba: Ian Rush, 1983-84

Tafika kwa munthu amene ayankha bwino mafunso onse atatu. Rush, mnyamata wa ku Wales wa zaka 22, anamwetsa zigoli 47 m'masewero 65, ndipo 32 zinali za m'ligi. Palibe wina ku Ulaya konse amene anamwetsa zambiri m'ligi ya kwawo chaka chimenecho. Mu Okutobala 1983 anamwetsa Luton zigoli zisanu. Mu Januwale 1984 anamwetsa zitatu ku Aston Villa pabwalo louma ndi chisanu. Wina adzati Salah anamwetsa 44 m'masewero ochepa. Ndi zoona. Koma tsono tiyeni tione m'nkhokwe. Pansi pa mphunzitsi a Joe Fagan, amene anali m'chaka chawo choyamba, timu inatenga ligi kachitatu motsatizana, nitenga League Cup pogonjetsa Everton, nitenganso chikho cha ku Ulaya. Inali timu yoyamba ya ku Mangalande kutenga zikho zazikulu zitatu m'chaka chimodzi.

Ndipo zigoli za Rush sizinali zongokometsera masewero opambana kale. Tsatani ulendo wa ku Ulaya. Atalephera kugoletsa Athletic Bilbao pa Anfield, anapita ku Spain, ndipo chigoli chimodzi chokha cha masewero onse awiri anamwetsa ndi Rush. Posewera ndi Benfica pakwawo anapambana 1-0, ndipo anamwetsa ndi Rush. Mu ndime yachipulula ku Bucharest anapambana 2-1, zigoli zonse ziwiri za Rush. Ndime yotsiriza inachitikira ku Rome pa 30 Meyi 1984, pabwalo la adani awo enieni, a Roma. Zigoli zinali 1-1, ndipo pa mapenate Rush anamwetsa yake. Anthu akumbukira koposa miyendo yonjenjemera dala ya goloboyi Bruce Grobbelaar, wokulira ku Zimbabwe, ndi penate yotsiriza ya Alan Kennedy. Koma amene anawafikitsa ku Rome ndi uyu.

Za katundu nazo zilipo. Mu Januwale 1984 Dalglish, amene ankamupatsira mipira yambiri, anathyoka fupa la patsaya, nakhala kunja milungu yambiri. Rush sanaleke kumwetsa. Ndiponso panali china chimene osewera naye ankachitamanda, chimene sichilowa m'chiwerengero. Mpira ukakhala kwa adani, iye sankaima kudikira. Ankathamangitsa otchinga awo mpaka alakwe, kotero kuti kutchinga kwa timu kunkayambira pa iye, kutsogolo kwenikweni. Anali wokolola, analinso mlonda. Van Dijk tamuika kumbuyo kwake pa chifukwa chimodzi chokha, kuti pamene onse awiri anagwira ntchito yosaneneka, kwa Rush nkhokwe zinadzaza zitatu.

Mau otsiriza

Mwaona kuti pamwamba taikapo womwetsa zigoli, ife amene tinayamba ndi kudzudzula muyeso wa zigoli. Palibe kutsutsana pamenepo. Sitinanene kuti chigoli n'chachabe. Tinati chiwerengero chake sichikwanira. Rush ali woyamba osati chifukwa 47 iposa 44, koma chifukwa tikachotsa zigoli zake ku Bilbao ndi ku Bucharest, ulendo wa ku Rome sukadakhalapo. Ndipo pa maina asanu aja, awiri ndi anthu amene ntchito yawo inali yoletsa, amene mndandanda wa zigoli sukadawaona konse.

Tidziwa kuti ena mwa inu mudzatsutsa. Wina adzati Dalglish wa 1985-86, amene anali wosewera ndi mphunzitsi nthawi imodzi, natenga ligi ndi chikho cha FA, sanayenere kusiyidwa; ndipo mlandu wake ndi womveka, chifukwa ndiye anamwetsa chigoli chimene chinabweretsa ukatswiri ku Chelsea tsiku lotsiriza. Ife tamusiya chifukwa theka la ntchito yake chaka chimenecho linali la uphunzitsi, ndipo tinali kuyesa osewera. Wina adzati tamuchitira nkhanza Suárez. Tikupemphani chinthu chimodzi chokha: potsutsapo, tchulani muyeso wanu poyamba, ndipo muutsate kufikira kumapeto, ngakhale utagwetsa munthu amene mumukonda.

Mwambo umenewu wa kuyesa sukhudza mpira wokha. Pa ukwati anthu achoka akutamanda wovina bwino, naiwala amayi amene anatunga madzi kuyambira mbandakucha. Ndipo mlatho wa pamudzi ukakhala wolimba zaka zambiri, palibe afunsa kuti anaukonza ndani. Mukakhalanso pakhonde madzulo, ndipo wina ayamba kuwerenga zigoli, mumufunse kuti chaka chimenecho kumbuyo kunali yani.